Maso a mkango wanga akuoneka ngati a chidole: ndalakwitsa pati?

Funso

"Mwezi wa September ndinapita ku Liwonde ndi kamera yobwereka, ya lenzi ya 70-300mm. Ndinajambula mikango itagona pansi pa mtengo, njovu zikumwa madzi mu Shire, nswala ndi mbalame zambirimbiri. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti pa zithunzi zambiri maso a nyamazo angokhala maenje akuda. Ndinayesa kuwawalitsa pa foni, koma mlongo wanga ataona anafa nalo phwete, amvekere mkango wangawo uli ndi maso a chidole cha m'sitolo. Kodi akatswiri amatani kuti maso a nyama zawo aziwala bwino chonchija? Ndili ndi Snapseed pa foni ndi Lightroom pa laputopu." — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho

Mlongo wanuyo musamukwiyire, waona zoona. Chimene chamuseketsa ndi chomwe chimaononga zithunzi zambiri za nyama zimene zimayenda pa Facebook: diso lowala mofanana ponseponse, lowala kuposa nkhope imene lakhalapo, mtundu wake wochita kunyanya. Diso lamoyo silioneka chotero. Ndinene msanganso kuti pa zithunzi zomwe mumazisirirazo, ntchito yaikulu inachitikira kutchire, wojambula ali chete kudikira kuti nyama itembenuze mutu. Pa kompyuta anangokankhira pang'ono kuwala komwe kunali kale m'disomo. Kukonza chithunzi kumatulutsa chimene kamera inagwira. Kulenga diso latsopano ndi ntchito ina, ndipo anthu amaizindikira ngakhale atalephera kufotokoza chomwe chalakwika. Komabe zina mwa zithunzi zanuzo zipulumuka.

Yambani ndi kusankha. Tsegulani chithunzi chilichonse, muchikulitse mpaka 100%, muyang'anitsitse diso. Kodi fokasi inagwira pamenepo? Mukaona kuti tsitsi la m'zikope likuwerengeka limodzilimodzi, kapena m'mphepete mwa chikope muli mzere wooneka bwino, chithunzicho chili ndi tsogolo ngakhale disolo lili bii. Koma mukapeza kuti chakuthwa ndi mphuno kapena udzu wa kutsogolo, diso lili chimbuuzi, chisiyeni. Sharpness siibweza fokasi, imangokometsa m'mphepete mwa zinthu zomwe lenzi inagwira kale. Ndipo kuphonya n'kosavuta. Lenzi ili pa 300mm, bowo lake lolowetsa kuwala lili pa f/5.6, njiri ikudya udzu mamita 5 kuchokera pomwe mwaima, gawo looneka bwino kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo silikwana masentimita 10. Mutu wa njiri ndi wautali kuposa pamenepo. Kamera ikagwira mphuno, diso lataika.

Musanakhudze chilichonse mu Lightroom, tulukani panja madzulo dzuwa litapendeka, muyang'ane m'maso mwa galu kapena mbuzi ya pakhomo. Muona zinthu zinayi zimene simunazilabadirepo. Pamwamba pa diso, mbali imene kuli dzuwa, pali kadontho kowala kwambiri; ojambula amakatcha catchlight, ndipo ndi chithunzi cha dzuwa kapena thambo pa khungu lonyowa la diso. Pakati pali mwanadiso, wakuda bii. Mozungulira mwanadisoyo muli mkombero wokhala ndi mtundu, umene mabuku amautcha iris, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna muyang'anitsitse: mkomberowo suwala mofanana. Mbali imene imawala kwambiri ndi ya tsidya lina la kadontho kaja. Kadontho kakakhala kumwamba chakumanja, mkombero umanyezimira kumunsi chakumanzere, chifukwa diso ndi lobulungira, kuwala kumalowera mbali ina n'kukagwera mbali inayo. Chachinayi ndi mthunzi wa chikope chapamwamba, umene umadetsa mutu wa diso. Zinayi zimenezi ndi zomwe zimauza woonera kuti akuyang'ana chinthu chobulungira, chonyowa, chokhala m'kati mwa chigaza. Inu munatenga chida chowalitsira n'kuchiyendetsa pa diso lonse. Mthunzi wa chikope unachoka, mwanadiso anatuwa, mkombero unawala mofanana kumwamba ndi kumunsi. Chinatsala ndi kabatani kafulati. Chidole chija ndi chimenecho.

Chifukwa chimene maso anatulukira akuda n'chosavuta kumvetsa. Diso la mkango, la nyani, ngakhale la nkhwazi limakhala m'kati, pansi pa fupa la nsidze. Dzuwa likakwera, fupalo limaponya mthunzi m'diso. Ku Liwonde mu September dzuwa la masana limakhala litangotsala pang'ono kufika paliwombo, ndipo cha kumayambiriro kwa November limafika penipeni. Onjezani kuti mikango yanu inali pansi pa mtengo, kumbuyo kwake kuli udzu wouma wowala mbee. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse. Ikaona udzu wowalawo imachepetsa kuwala kuti udzu usapse, nkhope ya mkango n'kuda, diso n'kuderatu.

Kuti mungabweze zochuluka bwanji mu mdimawo zitengera mtundu wa fayilo. JPEG imasunga milingo 256 ya kuwala pa mtundu uliwonse mwa mitatu ija, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. RAW, fayilo yomwe kamera sinaikonze, pa makamera ambiri imasunga milingo 4,096 kapena 16,384. Kusiyana kumeneku kumaonekera mumthunzi, momwe muli diso lanulo. Pa RAW mutha kukweza mthunzi n'kupeza mkombero wachikasu uli bwinobwino ndi timizere take. Pa JPEG nthawi zambiri mumapeza zigamba za mitundu yosadziwika. Ngati mwini kamera anaisiya pa JPEG, zonse zomwe ndinene pansipa muzichite mwa theka.

Mu Lightroom musathamangire diso. Konzani kaye chithunzi chonse: White Balance, Exposure, ndi Highlights kuti udzu wa kumbuyo ukhale pansi. Pansi pa mtengo kuwala kumakhala kobiriwira kapena kwabuluu, ndipo mukapanda kukonza zimenezo diso la mkango lituluka la mtundu wa ndimu yosapsa. Ngati ISO, mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala, inali yokwera, chotsani timadontho ta noise panopa, chifukwa mukawalitsa mthunzi timadonthoto timawala nawo. Kenako pangani mask ya nkhope yonse, ndiko kuti musankhe dera lokhalo limene mukufuna kukonza, ndi Brush kapena Radial Gradient yofewa m'mphepete, mukweze Shadows pang'ono. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi, pamene ndi yofunika kuposa zotsatirazi. Diso silingawale lokha pa nkhope yakuda. Mukakweza nkhope, theka la ntchito ya diso latha, ndipo chotsalacho chikhala chochepa moti sichionekera kuti mwagwirapo.

Tsopano diso lenilenilo. Kulitsani chithunzi mpaka 200%. Tengani Brush yatsopano, yaing'ono kuposa mkombero, Feather ikhale yokwera kuti m'mphepete mwake mufewe, Flow ikhale pansi, cha m'ma 20 kapena 30, kuti mphamvu yake izibwera pang'onopang'ono mukamabwereza. Ikani Exposure pa +0.3, musapitirire +0.5. Pakani mbali ya kumunsi ya mkombero, tsidya lina la komwe kukuchokera kuwala, mozungulira ngati mwezi wongooneka kumene. Kumwamba kusiyeni. Mwanadiso musamukhudze, ndipo burashi ikalowamo mufufute pogwira batani la Alt pa laputopu. Mphete yakuda yomwe imazungulira kunja kwa mkombero nayo ikhale yakuda. Diso limaoneka lowala chifukwa cha zakuda zolizungulira. Ine ndimapanganso mask ina ya mwanadiso ndi m'mphepete mwa zikope n'kutsitsa Blacks pang'ono, makamaka ngati kukweza nkhope kuja kwatuwitsa malo amenewa.

Pa mtundu, dzanja likhale lopepuka. Saturation ya +5 kapena +10 yakwana. Diso la mkango wamkulu ndi lachikasu chodera, cha uchi, osati cha lalanje. Texture ya +10 mpaka +15 imatulutsa timizere ta mu mkombero bwino. Clarity ndimaiopa pa diso, chifukwa imadetsa pakati n'kusiya kamzere kowala m'mphepete, ndipo kamzere kameneko kamaulula ntchito yonse. Kadontho kowala kaja, ngati kalipo ngakhale kofooka, kapatseni mask yakeyake, mukweze Whites pang'ono pokha. Kasakule. Pa Sharpening ya chithunzi chonse, gwirani Alt mukamakoka Masking. Chithunzi chisanduka chakuda ndi choyera, ndipo poyera pokhapo ndi pomwe pakunoledwa. Kokani mpaka patsale maso, ndevu ndi m'mphepete mwa makutu, udzu wa kumbuyo uli bii.

Chinthu china chimene chimapereka anthu: maso awiri kuwawalitsa mofanana. Nyama ikayang'ana chammbali, diso la kutali ndi dzuwa limakhala lakudako, ndipo liyenera kukhala chotero. Musakopere mask ya diso limodzi n'kuimata pa linalo. Muonanso kuti Lightroom ili ndi mask yodzisankhira yokha maso, pansi pa People, yomwe inabwera mu 2022. Imeneyo anaipangira nkhope za anthu. Pa nyama mugwira ndi dzanja basi.

Mukatha, bwererani pa kukula kwa chithunzi chonse, muzimitse mask za diso ndi kuziyatsanso. Ngati kusiyana kwake kukudumphira kumaso, mwapyola; tsitsani Amount ya mask mpaka pakati. Dzukaninso pampando, mukamwe madzi, mubwere muone. Maso athu amazolowera msanga, ndipo chimene chimaoneka chabwino mutachiyang'ana mphindi 20 chimadabwitsa mukabwerera.

Njira imene ndimaikonda kuposa zonsezi siikhudza diso n'komwe. Woonera chithunzi amayamba kuyang'ana powala kwambiri ndi pakuthwa kwambiri. Pa chithunzi chanu cha mikango, powala kwambiri ndi udzu wa kumbuyo, mwinanso chibwano choyera cha mkangowo, kapena kadzuwa kamene kadutsa m'masamba n'kugwera paphewa. Zimenezi zikulimbirana ndi diso. Zidetseni. Ikani Radial Gradient pa nkhope, muitembenuze ndi Invert, mutsitse Exposure ya kunja ndi 0.2 kapena 0.3, ndipo ndi burashi mutsitse Highlights pa zigamba zowalazo. Diso lioneka lawala musanaliwonjezere kanthu. Njirayi ndi yakale kuposa kompyuta. M'masiku a filimu ojambula ngati Ansel Adams wa ku America ankaichita m'chipinda chamdima chotsukira zithunzi: ankatchinga kuwala ndi dzanja kapena kapepala kuti mbali ina ituluke yowala, n'kupereka kuwala kochuluka mbali ina kuti ide. Dodge ndi Burn zimene muziona mu Snapseed ndi Photoshop ndi ntchito yomweyo.

Pa foni mfundo zake ndi zomwezi, vuto ndi chala, chomwe ndi chachikulu kuposa diso la nyama pa sikirini. Mu Snapseed kulitsani chithunzi mpaka pomaliza musanapake. Selective ndi yabwino pa nkhope: ikani kadontho pamphumi, muchepetse dera lake ndi zala ziwiri, mukweze Brightness pang'ono. Pa mkombero gwiritsani Brush, musankhe Exposure pa mlingo wotsikitsitsa, 0.3, mupake kamodzi kokha kumunsi. Portrait ili ndi chowalitsira maso, koma imafunafuna nkhope ya munthu. Structure ndi HDR Scape zisiyeni. Ndi zimene zimapangitsa njovu kuoneka ngati yosema.

Tsopano mbali imene maphunziro ambiri a pa YouTube saikhudza, pomwe kwa ine ndi imene imasiyanitsa wojambula nyama ndi wongodziwa pulogalamu. Muyenera kudziwa diso la nyama imene mukuikonzayo. Maso a nyama safanana, ndipo munthu wosadziwa amaika diso la munthu pa nyama iliyonse.

Tengani nswala zanu. Diso la nswala ndi lalikulu, lakuda modera, lili m'mbali mwa mutu, ndipo mwanadiso wake si wozungulira; ndi wopingasa, wonga wa mbuzi. Mu 2015 Martin Banks wa ku University of California, Berkeley, ndi anzake a ku Durham University ku England anasindikiza kafukufuku mu Science Advances atayerekeza mitundu 214 ya nyama za pamtunda. Anapeza kuti nyama zodya udzu, zomwe zimasakidwa, zambiri zili ndi mwanadiso wopingasa, amene amazithandiza kuona dera lalikulu m'mbali. Nyama zosaka mobisalira, zoyenda usiku ndi usana, makamaka zazifupi ngati mphaka, zili ndi mwanadiso woimirira. Koma amphaka aatali ngati mkango ali ndi wozungulira. Anaonanso kuti mbuzi kapena hatchi ikaweramitsa mutu kudya, diso limatembenuka m'kati kuti mzere wopingasawo ukhalebe molingana ndi nthaka. Ndiye mukakweza mthunzi pa diso la nswala n'kuona kamzere kopingasa, si vuto la kamera, musakakonze. Ndipo mukaona chithunzi cha mkango wa mwanadiso woimirira ngati wa mphaka wa pakhomo, dziwani kuti wina wachita kujambula ndi dzanja kapena ndi makina. Wa ng'ona ndiye woimirira, ndipo masana amachepa n'kukhala kamzere kopyapyala. Pa nswala ndi mbawala, kukongola kwa diso sikuli mu mtundu. Kuli m'chithunzi cha thambo ndi mitengo chimene chimaoneka pamwamba pake, chopindika motsatira diso. Kwezani chimenecho pang'ono, mdima wa pansi pake muusiye.

Njovu ndi nkhani ina. Mutu waukulu, diso laling'ono, lofiirira ngati uchi wakale, lobisika pansi pa tsitsi lalitali la m'zikope lomwe limaloza pansi. Nthawi zambiri njovu imayang'ana pansi, choncho kadontho kowala sikapezeka. Apa dzanja lipepuke koposa: kwezani khungu lozungulira diso, muike Texture pa tsitsi la m'zikope, mkombero muukhudze pang'ono chabe. Njovu ya diso lowala ngati la mkango ndi bodza looneka patali. Cholakwika china ndi kuthira Clarity yambiri pa makwinya a thupi lonse. Chithunzi chimadzadza mizere, diso n'kusowa m'kati mwake. Makwinya muwakometse pafupi ndi diso, kwinako muwasiye. Mukaona madzi akutsika patsaya kuchokera pakati pa diso ndi khutu, si misozi ndipo si litsiro lofufuta. Amachokera m'kachiwalo ka pamenepo, ndipo wodziwa njovu amawerengapo zambiri za momwe nyamayo inalili tsikulo.

Mbalame ndi zimene zimachititsa manyazi msanga, chifukwa anthu oonera mbalame salakwitsa maso. M'mbali mwa Shire mumapezeka dokowe wamtali wa mlomo wofiira ndi wakuda, wa chigamba chachikasu pamwamba pa mlomo, saddle-billed stork. Wamkazi diso lake ndi lachikasu, wamwamuna lake ndi lakuda modera. Mukalimbana ndi diso la wamwamuna mpaka lichite chikasu, mwamusandutsa wamkazi. Kadzidzi wodya nsomba, Pel's fishing owl, amene alendo amachokera kutali kudzamusaka m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinjewu, maso ake ndi akuda mwachibadwa. Mulibe chikasu chobisala m'menemo. Nkhwazi nayo diso lake ndi lodera. Chachikasu ndi khungu la pakati pa diso ndi mlomo. Mbalame zodya njuchi, ma bee-eater, zili ndi mzere wakuda wodutsa pa diso, ndipo diso limasowa mu mzerewo. Pamenepa chimene chimapulumutsa ndi kadontho kowala, ndiye pa mbalame zotere sankhani chithunzi chimene kadonthoko kalipo, musavutike ndi zinazo.

Nthawi zina mupeza diso la mbalame kapena la ng'ona lili mbuu ngati lachita ng'ala, pomwe zithunzi zoyandikana nalo lili bwino. Chimenecho ndi chikope chachitatu, chopyapyala, chimene chimayenda chopingasa kupukuta ndi kuteteza diso. Kamera yangochigwira chili panjira. Dehaze siichichotsa. Tengani chithunzi chotsatira.

Za usiku ndinene mwachidule, poti mukadzapita ku Majete kapena ku South Luangwa ku Zambia, komwe anyalugwe amaonedwa kwambiri pa maulendo a usiku, mudzakumana nazo. Nyama zambiri zoyenda usiku zili ndi kansalu konyezimira kuseri kwa diso, tapetum lucidum, kamene kamabweza kuwala kuti diso likugwiritse ntchito kawiri. N'chifukwa chake maso a fisi, changa kapena ng'ona amayaka tochi ikawagunda. Tochi kapena flash ikakhala pafupi ndi lenzi, kuwalako kumabwerera m'kamera, diso n'kukhala bwalo loyera lopanda kanthu. Mmenemo mulibe chobweza. Lightroom Classic ili ndi Pet Eye imene imadetsa bwalolo n'kuikapo kadontho kowala, koma kumeneko ndi kupenta. Mankhwala ake ali m'galimoto: khalani kutali ndi wonyamula tochi, kuti kuwala kugwere nyama kuchokera m'mbali. Flash yolunjika m'maso mwa nyama usiku isiyeni.

Izi zatifikitsa pa funso limene mwina mukulisunga: kodi ngati kadontho kowala kalibe, simungangokajambulapo? Mutha, ndi burashi yoyera, m'masekondi ochepa. Ine sindichita, ndipo ndikuuzani chifukwa. Mkango umene wagona mumthunzi wa mtengo, dzuwa lili kumbuyo kwake, sungakhale ndi kadzuwa kakuthwa m'diso. Mithunzi ya pansi pa chibwano ikunena zina, diso likunena zina, ndipo woonera amamva kuti pali chosokonekera. Kadontho kenikeni sikakhalanso kozungulira bwinobwino. Mumthunzi kamakhala kachigamba kotakata, kofooka, kodukaduka ndi masamba. Mukafunitsitsa kukaika pa chithunzi chopachika pabalaza panu, palibe amene akumangeni. Koma mukachitumiza ku nyuzipepala, ku bungwe losamala nyama kapena ku mpikisano, nkhani yasintha. Wildlife Photographer of the Year, mpikisano womwe unayamba mu 1965 ndipo umayendetsedwa ndi Natural History Museum ku London, umalola kukonza kuwala ndi mitundu, dodge ndi burn, kudula m'mbali, kunola ndi kuchotsa noise, koma suloleza kuwonjezera kapena kuchotsa zinthu m'chithunzi. Amene afika kumapeto amaitanitsidwa fayilo yoyambirira kuti oweruza ayerekeze. Ku World Press Photo mu 2015, zithunzi 20 pa 100 zilizonse zomwe zinafika gawo loyandikira mapeto zinachotsedwa atayerekeza ndi mafayilo oyambirira. Ntchentche zimene zimakonda kutera pafupi ndi maso a mkango nazonso ndi mbali ya chithunzi. Ku mpikisano zisiyeni.

Chenjerani ndi zida za AI. Denoise imene Adobe inaika mu Lightroom mu 2023 imagwira ntchito yabwino pa mafayilo a RAW, ndipo ndimaigwiritsa. Koma mapulogalamu a pa foni olonjeza kukonza chithunzi chosaoneka bwino sabweza chimene chinataika. Amapeka chimene akuganiza kuti chinalipo. Pa diso, kupeka kumeneko kumatulutsa tsitsi la m'zikope pomwe panalibe, kapena mwanadiso wozungulira pa nyama ya mwanadiso wopingasa. Mukagwiritsa chida chotere, yerekezani diso ndi fayilo yoyambirira pa 100% musanachivomere.

Ulendo wotsatira ndi umene udzathetse vuto lanu. Jambulani m'maola awiri oyamba dzuwa litatuluka ndi awiri omaliza lisanalowe, pamene kuwala kumabwera chammbali n'kulowa pansi pa nsidze. Dzuwa likhale kumbuyo kwa phewa lanu. Mthunzi wanu ukaloza chakomwe kuli nyama, mwaima bwino, ndipo woyendetsa galimoto mutha kumupempha mwaulemu kuti aime mbali imeneyo ndi kuzimitsa injini. Ku Liwonde muli ndi mwayi wina. Shire amayenda kuchokera kumpoto kupita kummwera, ndipo gawo lalikulu la paki lili kummawa kwa mtsinje. Mukakwera boti madzulo, dzuwa lili kumadzulo kumbuyo kwanu, nyama za gombe la kummawa zikuyang'anizana nalo. Boti limakutsitsaninso pafupi ndi msinkhu wa maso a nyama yomwe ikumwa, ndipo madzi amabweza kuwala kuchokera pansi n'kuthira m'maenje a maso aja. Palibe mask imene ingafanane ndi zimenezo.

Kwinako ndi kudekha. Ikani diso pa kamera, muyang'ane diso la nyama, osati nyama yonse. Mkango wogona umadzutsa mutu ukamva phokoso, mbalame imapendeketsa mutu kuyang'ana kumwamba, ndipo pa kamphindi kameneko kadontho kowala kamatulukira. Dinani pamenepo, zithunzi zingapo motsatizana. Musaimbe mluzu kapena kumenya chitseko cha galimoto kuti nyama icheuke. Kupatula kuti ndi kusokoneza nyama ndi anzanu a m'galimoto, nyama yodzidzimuka imaoneka yodzidzimuka, makutu ndi maso zimanena. Makamera atsopano amatsata okha diso la nyama. Sony inabweretsa zimenezi mu 2019, Canon mu 2020 pa EOS R5 ndi R6. Ngati yobwerekayo ndi yakale, sankhani kadontho kamodzi ka fokasi, mukaike pa diso lapafupi ndi inu. Liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, lisatsike 1/500 ya sekondi pa 300mm, ndipo m'boti likhale 1/1000 kapena kuposa. Nyama ikakhala mumthunzi kumbuyo kuli kowala, onjezani kuwala kwa chithunzi ndi +0.7 pa exposure compensation, udzu upse pang'ono koma nkhope ipulumuke. Ndipo kamera muiike pa RAW musanatuluke pageti.

Chithunzi cha mkango chija, dinani Reset muyambirenso kuchokera pa fayilo yochokera m'kamera, osati imene yadutsa kale pa foni. Mukakweza nkhope n'kupeza kuti m'diso mulibe kanthu koma zigamba, lisiyeni lakuda, mudule chithunzicho motakata kuti chikhale cha mikango ndi mtengo wake m'dzuwa la September. Zimene zatuluka bwino, potumiza kwa mlongo wanu pa WhatsApp muzitumize ngati Document. Mukazitumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imazifinya, ndipo timizere ta mu mkombero ndi tsitsi la m'zikope ndi zomwe zimayamba kufufutika.